Anaponyera mayi anga chakudya kumaso: kodi ku hibachi n'kotero?

Funso

Achimwene, ndimakhala ku Indiana kuno ku Amereka. Mayi anga anabwera kuchokera ku Dedza kudzaona zidzukulu, ndipo pa tsiku lawo lobadwa ndinawatengera ku lesitilanti ya Chijapani, zija amati hibachi. Tinalipo asanu ndi mmodzi: ine, bambo a kunyumba, ana awiri, alamu anga ndi mayiwo. Tinasungitsa malo a 7 koloko madzulo, koma tinaima pafupi ndi bala mphindi 25. Potilowetsa anatikhazika tebulo limodzi ndi anthu awiri osawadziwa. Wophika anabwera n'kuyamba kuvinitsa mipeni ndi kuyatsa chimoto, kenako anaponyera mayi kachidutswa ka ndiwo kuti awakhe ndi kamwa. Kanawamenya patsaya. Iwo anangoti, "Kodi ndine galu?" ndipo sanadyenso bwino. Nyama ya ng'ombe inali yofiira mkati. Tisanayambe n'kucheza komwe, bilu inali itafika. Chakudya chinakwana madola 240, ine ndinawonjezera tipi ya madola 48, koma kunyumba ndinaona pa lisiti kuti anali atathirapo kale madola 43.20 pa mzere wa gratuity, tipi imene lesitilanti imathira yokha pa bilu. Kodi anatichita zimenezi chifukwa ndife akuda, kapena malowa ndi otero? Ana akuvuta kuti tikapitenso agogo asanabwerere kumudzi.

Yankho

Achemwali, choyamba mukandipepesere kwa mayi. Sanalakwitse kukhumudwa. Kwathu munthu wamkulu timam'patsa mbale ndi manja awiri, mawondo atapindidwa, ndipo zimene timaziponyera chakudya ndi agalu ndi nkhuku basi. Ndagwira ntchito m'malo odyera zaka zoposa khumi, zitatu mwa zakazo pa lesitilanti ya mtundu womwewu, poyamba ndili weta, kenako ndikuyang'anira maweta anzanga. Nkhope ngati imene mayi anaonetsa ndaionapo kambirimbiri, ya agogo a ku Nigeria, a ku India, ngakhale a ku Japan komweko.

Tsankho m'malo odyera a kuno lilipo, ndipo amene angakuuzeni kuti kulibe akukunamizani. Koma zonse mwatchulazi zimagwera mzungu ndi wakuda yemwe, usiku uliwonse, chifukwa ndi mmene bizinesiyo inaumbidwira. Zina ndi mwambo wa malowo, zina ndi kulakwa kwenikweni kwa antchito, ndipo ndikufuna muzisiyanitse musanabwererenso. Chachikulu chimene ndinaphunzira pa ntchitoyi n'chakuti pa tebulo lotere mawu a kasitomala amagwira ntchito moto usanayake. Wophika akangoyamba, zinthu zimathamanga ngati minibasi yotsetsereka pa Linthipe.

Tiyambire pa dzinalo. Ku Japan mukafunsa hibachi, akuonetsani mbaula. Liwulo limatanthauza mbale ya moto: chotengera cha dongo, cha mtengo kapena cha chitsulo, chodzaza phulusa, makala akunyeka pakati, chimene anthu ankaotha m'nyumba nthawi yozizira ndi kuterekapo ketulo ya tiyi. Chinalipo kale m'nyengo imene iwo amaitcha Heian, zaka za 794 mpaka 1185. Chimene munadyerapo inu dzina lake lenileni ndi teppanyaki. Teppan ndi chitsulo chafulati, yaki ndi kuwotcha. M'Chichewa chathu, ndi chiwaya. Mayi akuchidziwa bwino chiwaya cha pa Dedza boma kapena pa Lizulu, pamene wokazinga amaima mbali ina, ogula mbali inayi, aliyense kanyenya wake kapena tchipisi chake pakona pake, mapewa akugundana ndi munthu amene simunamuonepo chibadwire. Cha Ajapani chilibe dzenje la mafuta pakati, chimatenthedwa ndi gasi kapena magetsi, ndipo ogula amakhala pamipando. Koma mtima wake ndi womwewo, kungoti ichi mbale imodzi ndi madola 40.

Lesitilanti ya Misono ya mumzinda wa Kobe imati ndiyo inayamba kuwotcha nyama ya ng'ombe pachitsulo pamaso pa ogula, mu 1945 nkhondo yachiwiri itangotha, mwini wake ali Shigeji Fujioka. Amene anaikonda kwambiri sanali eni dziko ayi, anali alendo, makamaka asilikali a ku Amereka. Ndiye kuyambira pachiyambi, kadyedwe aka kanakula koyang'ana maso a mlendo. Amene anakaolotsa nyanja ndi Hiroaki Aoki, wodziwika kuti Rocky Aoki, mnyamata wa ku Tokyo yemwe anali katswiri wa masewera ogwetsana. Anasunga madola 10,000 pogulitsa ayisikilimu pagalimoto ku Harlem, ndipo mu 1964 anatsegula lesitilanti ya Benihana pa West 56th Street ku New York, matebulo anayi okha. Poyamba kunali zii, mpaka wolemba nkhani za zakudya Clementine Paddleford ataiyamikira mu nyuzipepala ya New York Herald Tribune. Aoki ankafuna kuti ophika ake asamangophika, azisangalatsanso anthu, ndipo masewera a mipeni amene munaonawo anakulira kuno. Ngakhale sosi woyera uja ana amamukonda, wopangidwa ndi mayonezi, amene amati yum yum, ndi mwana wa ku Amereka.

Koma Aoki sanali wanthabwala chabe, ankadziwanso kuwerengera. Mu 1972 sukulu ya zamalonda ya Harvard inalemba phunziro lonena za Benihana, ndipo ophunzira za bizinesi akhala akuliwerenga kwa zaka zambiri. Zimene zinalembedwa mmenemo ndi zimene zinakuchitikirani usiku uja. Wophika akamaphikira pamaso pa ogula, khitchini yakuseri imachepa: ku Benihana malo akuseri ankatenga pafupifupi 22 peresenti ya nyumba yonse, pomwe malesitilanti wamba ankataya 30. Menyu inali yaifupi, ng'ombe, nkhuku ndi ma prawns, amene kuno amawatchula shrimp, ndiye zowola ndi zotayidwa zinali zochepa. Chiwaya chilichonse chinali ndi mipando isanu ndi itatu. Odikira ankaikidwa ku bala, kumene ankagula zakumwa podikirapo. Ndipo wotchi inali m'manja mwa wophika: iye akamaliza, tebulo latha.

Inu munali asanu ndi mmodzi. Mipando iwiri yotsalayo, kwa mwini malo, ndi madola 80 amene akupsa pachabe pamodzi ndi gasi ndi malipiro a wophika. Choncho amaidzaza ndi aliyense amene wabwera awiriawiri. Kukhala ndi alendo si chipongwe, ndi mwambo wa chiwaya. Kudikiranso kumachokera pomwepo. Wophika sangayambe tebulo kawiri, ndiye sakhazika gulu mpaka onse afike, ndipo kawirikawiri ophika amakhala ochepa kuposa ziwaya. Tebulo limodzi likachedwa nthawi ya 6 koloko, onse a 7 koloko amalipira mlandu umene sanapalamule. Mphindi khumi ndimazikhululukira. Koma mphindi 25 munthu atasungitsa malo, popanda wobwera kudzafotokoza chimene chavuta, agogo ali chiimire, kumeneko ndi kulakwa. Wolandira alendo pakhomo amene ali ndi maso amakokera munthu wamkulu mpando, amabweretsa madzi, n'kunena zoona: "Wophika wanu akumaliza tebulo lina, tipatseni mphindi khumi." Mawu amenewa salipiritsa lesitilanti kanthu, ndipo ine ndinkadzudzula aliyense amene wawaiwala.

Ndikuonetseni mmene ola limenelo limayendera kwa ife a mkati. Mukangokhala pansi, weta amalemba zimene aliyense wasankha motsata mipando. Supu wa anyezi ndi saladi wothira sosi wa jinja zimabwera msangamsanga, kuti pakamwa pakhale potanganidwa pamene wophika akuyala nyama pakangolo kake kuseri. Akafika amawerama, amawerenga pepala mokweza kuti atsimikize za aliyense, n'kuthira mafuta. Mpunga ndi mazira zimatsogola, kenako ndiwo zamasamba, ma prawns, nkhuku, ng'ombe pomaliza chifukwa siichedwa kupsa. Pakatipakati m'pamene pamabwera dzira lozungulira pachitsulo ngati nguli, michira ya ma prawns yoponyedwa m'chipewa, ndi mphete za anyezi zosanjikizidwa ngati chulu, zothiridwa mafuta ndi mowa waukali pang'ono kuti zilavule moto. Akatha amapala chiwaya mpaka chiwale, amaweramanso, n'kukankha kangolo kupita tebulo lina. Chokoka utsi chimazimitsidwa. Mwadzidzidzi muli duu, moyang'anizana ndi chitsulo chopanda kanthu ndi alendo awiri aja. Sipafunikanso wina wokuuzani kuti nthawi yatha. Bilu imangobwera kudzatsimikiza.

Kwathu kufulumizitsa mlendo n'chimodzimodzi kum'pirikitsa, ndiye ndikumvetsa chifukwa chake zinakuwawani. Koma malo awa si ochezerapo. Lachisanu ndi Loweruka madzulo mipando imeneyo ili kale ndi eni ake ena amene aima pa bala paja munaima inu. Amene akufuna kukhalitsa asankhe Lachiwiri kapena Lachitatu, apo ayi asungitse nthawi yomaliza ya usiku, pamene kumbuyo kwake kulibenso wina. Keke ndi macheza, kunyumba.

Tsopano za kuponya. Apa sindim'teteza wophikayo. Masewerawa ali ndi lamulo limene wophika aliyense wabwino amalidziwa ngakhale silinalembedwe: umaponyera yekhayo amene wakuyang'ana m'maso, akuseka, n'kutsegula yekha pakamwa. Amene wapinda manja, amene waweramitsa mutu, mwana wamantha, munthu wachikulire amene akungoona modabwa, umam'dumpha. Wanuyo sanawerenge nkhope. Kapena ndi watsopano, kapena linali tebulo lake lachisanu ndi chimodzi usiku umenewo ndipo manja ankangoyenda okha. Eni malesitilanti amadziwa kuti si nkhani yachibwana. Banja lina ku New York linasumira Benihana ponena kuti bambo wawo anavulala khosi pozinda prawn imene wophika anaponya mu 2001, ndipo kuti imfa yake inayambira pamenepo. Mu 2006 khoti linapeza kuti lesitilantiyo inalibe mlandu, koma nkhaniyo inamveka ponseponse pakati pa ophika.

Pamalo pomwe ndinkagwira panachitika zina zimene sindiziiwala. Ophika ambiri amayenda ndi kabotolo kofinya kodzaza sake, mowa wa mpunga wa ku Japan, n'kumautsira m'kamwa mwa makasitomala ali patali, anthu akuwerenga mokuwa. Usiku wina mnyamata wathu watsopano analoza kabotoloko kwa bambo wina wa ndevu zoyera amene anabwera ndi banja lake lonse, amayi atafunda kumutu. Bamboyo anatseka pakamwa, mowa n'kuthera pa malaya. Sanakuwe. Anangopukuta ndi kansalu, n'kuika foloko pansi, ndipo tebulo lonse linazizira ngati pamaliro. Ndinakapepesa, manijala anachotsa mbale yawo pa bilu, koma tsiku lawo linali litaonongeka kale. Kuyambira pamenepo ndinalamula maweta kuti azifunsa polemba maoda ngati pali amene sakufuna kuponyeredwa kapena mowa, n'kuika kachizindikiro pa nambala ya mpando wake. Si malo onse amene amafunsa. Ndiye funso limenelo dziyankhireni nokha asanakufunseni: uzani weta, ndipo wophika akafika n'kumawerenga pepala, bwerezaninso mukumwetulira kuti awa ndi mayi anga, musawaponyere kanthu, muziwaikira pambale, ndipo muziyamba ndi iwo. Sindinaonepo wophika wokana pempho lotere. Ambiri amasangalala, chifukwa mwawapatsa munthu woti am'chitire ulemu pamaso pa onse.

Zoti ophikawo ndi Ajapani, musadalire. Ambiri amene ndagwira nawo ntchito anali a ku Indonesia, Philippines, China ndi Mexico, anthu obwera ngati inu ndi ine, otumiza ndalama kwawo mwezi ndi mwezi. Ulemu wa kwa makolo amaudziwa bwino lomwe. Amangofuna kukumbutsidwa kuti pa mpando wachitatu pali kholo.

Nyama yofiira ija si kuti sinapse mwangozi. Kuno ng'ombe amaiphika motsata chifuniro cha wodya, kuyambira rare, yofiira kwambiri, kudutsa medium, mpaka well done, yopsa mpaka mkati. Wophika amayenera kufunsa munthu aliyense payekha. Akafunsa mwaphokoso inu osamva, kapena mwangogwedeza mutu, amaiika pakatikati, ndipo pakatikati pa Amereka ndi pofiira kwa munthu wa ku Dedza. Madzi ofiirawo si magazi, magazi anachoka kale pophera. Ndi madzi a mumnofu osakanikirana ndi chinthu chotchedwa myoglobin, chimene chimapatsa nyama mtundu wake. A zaulimi m'boma la Amereka amati nthuli ya ng'ombe ndi yotetezeka mkati mukafika madigiri 63 a Celsius n'kuisiya ipume mphindi zitatu, ndipo pamenepo imakhala idakali yofiirira. Nkhuku ndiye ina: imafunika madigiri 74 a Celsius, ndipo yofiira mkati muibweze osaganiza kawiri. Koma sindikunena izi kuti mukakakamize mayi kudya chimene mtima wawo ukukana. Ndalama ndi zanu. Nenani well done, ndipo ikabwera yosakukhutiritsani, kankhirani mbale kutsogolo chiwaya chikadali chamoto. Ubwino wa malo awa ndi womwewo, khitchini ili pamphuno panu, ndipo kubwezera nyama pamoto ndi ntchito ya mphindi imodzi. Safunsa anadya phula.

Langizo la m'thumba: wofuna nyama yopsa kwambiri asawononge ndalama pa filet mignon, mnofu wofewa wa ng'ombe, chifukwa kufewa kumene mukulipirako kumathera pamoto. Sirloin kapena nkhuku zikwanira. Mukaonanso liwu lakuti Kobe pa menyu pamtengo wofikirika, musatengeke. Nyama yeniyeni ya Kobe imachokera ku ng'ombe za mtundu wa Tajima zobadwira, kukulira ndi kuphedwera m'chigawo cha Hyogo, ndipo inayamba kutumizidwa kunja mu 2012. Yeniyeniyo mtengo wake umadzionetsa wokha.

Pali china chimene simunafunse koma ndi chachikulu kuposa zonsezi. Chiwaya ndi chimodzi, chotembenuzira ndi chimodzi, ndipo m'malo ambiri aliyense amapatsidwa ma prawns awiri kapena atatu olawa ngakhale waitanitsa nkhuku. Ngati m'banja mwanu muli wina amene thupi lake limadana ndi zam'nyanja zazigoba, mazira, chitowe kapena tirigu, nenani posungitsa malo pomwe, osati moto utayaka. Sosi wa soya amene amathira pa chilichonse ali ndi tirigu. Malo odziwa ntchito amaphikira munthu wotere kukhitchini m'poto wapadera, kapena amayamba ndi chakudya chake chitsulo chili choyera. Abale athu achisilamu ndi a mipingo yosala zina afunsenso za sake, za mowa wotsekemera wophikira wotchedwa mirin, ndi za ma prawns omwewo. Ngati mayi ali ndi BP, dziwani kuti kukoma kwa mpunga wokazinga uja ndi batala wa adyo ndi sosi wa soya, mchere wokhawokha. Mpunga woyera wongowiritsa ulipo, ndipo nthawi zambiri wokazingawo ndi umene amalipiritsa padera. Ana aang'ono akhale kutali ndi m'mphepete mwa chitsulo, ndipo wakhanda mum'tembenuze anyezi asanayatsidwe. Suti yatsopano ya chitenje isiyeni kunyumba, chifukwa utsi wa adyo umakakamira mpaka kuchapa.

Tibwere ku bilu, pamene panakudyerani ndalama zenizeni. Madola 43.20 ndi 18 peresenti ya 240. Mutawonjezera 48, tipi yonse inakwana madola 91.20, kutanthauza 38 peresenti. Munalipira kawiri. Malesitilanti ambiri kuno amathira okha gratuity gulu likafika anthu asanu ndi mmodzi, ndipo a hibachi ena amathira pa tebulo lililonse. Amalemba ndithu, koma m'tizilembo tating'ono kunsi kwa menyu, ndipo pepala losainira khadi limabwerabe ndi mzere wa tipi uli wopanda kanthu, ngati kuti palibe chalipidwa. Weta wachilungamo amazunguliza mzere wa gratuity ndi cholembera n'kukuuzani pakamwa kuti yathiridwa kale. Amene amangokhala chete akudziwa chimene akuchita, ndipo kumeneko ndimakutcha kulakwa, ngakhale malamulo sakumugwira. Imbani foni masana kusanadzaze, funsani manijala, m'patseni tsiku ndi nambala ya lisiti, n'kunena modekha kuti simunauzidwe ndipo mukupempha abweze madola 48. Mamanijala ambiri amabweza, chifukwa akudziwa kuti banja la anthu asanu ndi mmodzi likabweranso libweretsa zoposa pamenepo.

Musatengere pamenepa mtima woleka kupereka tipi. Lamulo la boma lalikulu limalola kulipira wantchito wolandira matipi madola 2.13 pa ola, chiwerengero chimene sichinasinthe chiyambire 1991, ndipo Indiana imatsata chomwecho. Bwana amangokakamizidwa kuwonjezera ngati matipi sanam'fikitse wantchitoyo pa madola 7.25. Ndiye tipi ya 18 mpaka 20 peresenti kuno si ya Fanta ayi, ndi lendi ya munthu. Komwe ndinkagwira, tipi ya tebulo inkagawidwa pakati pa weta ndi wophika, ena otola mbale n'kulandirako pang'ono. Dziwaninso kuti kuyambira 2014 a misonkho kuno amaiona gratuity yothiridwa mokakamiza ngati ndalama ya lesitilanti, osati tipi, ndiye si mwano kufunsa weta ngati imafikadi kwa iwo. Wophika akakusangalatsani kwambiri, kandalama ka m'manja kamafika kumene mukufuna. Abale amene ali ku London amaona 12.5 peresenti itathiridwa pa bilu m'malo ambiri, ndipo kuyambira October 2024 lamulo la kumeneko limakakamiza mabwana kupereka matipi onse kwa antchito. Ku South Africa mwambo ndi 10 mpaka 15 peresenti. Ku Japan kwenikweniko tipi kulibe, ndipo mukasiya ndalama patebulo weta akhoza kukuthamangirani panja poganiza kuti mwaiwala chenji.

Ndikanakonda mayi akanaona teppanyaki ya kumeneko, chifukwa ndikukhulupirira akanadzimva ali kwawo. Mumalandiridwa ndi liwu lakuti irasshaimase, mumapatsidwa oshibori, kansalu konyowa kopukutira m'manja, monga ife timayambira ndi beseni la madzi. Wophika amagwira ntchito mwakachetechete, amadula nyama mosamala, amaika pambale panu kachidutswa kamodzikamodzi kakadali kotentha, ndipo saponya kanthu. M'mahotela ambiri, nyama ikatha amakusamutsirani kuchipinda china kuti mukamwe tiyi kapena khofi mosafulumira, chiwaya n'kutsalira ena. Vuto lomwe lija la mipando, koma alithetsa popanda mlendo kumva kuti akuthamangitsidwa. Iwo amatcha mtima umenewu omotenashi, kuona chosowa cha mlendo iye asananene. Ngakhale kupereka chinthu ndi manja awiri ndi mwambo wawonso. Chimene munakumana nacho ku Indiana ndi chiwaya cha Chijapani chovala malaya a Chimereka, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa cha ku Tokyo chifukwa cha liwiro lomwe linakukwiyitsanilo.

Nanga tsankho lenileni mungalidziwe bwanji? Yang'anani ngati akukuchitirani zosiyana ndi ena. Gulu lofanana nanu kukula, lobwera pambuyo panu popanda kusungitsa malo, likalowa inu mukadali chiimire. Gratuity ikathiridwa pa bilu yanu yokha pomwe menyu sikunena, kapena akakuuzani kuti mulipire musanadye pomwe ena sakutero. Weta akamadzaza matambula a alendo awiri aja n'kumadumpha anu pa tebulo lomwelo. Zikatero lembani nthawi ndi dzina la pa baji, ndipo kadandauleni kwa manijala tsiku lomwelo. Pa zimene mwafotokoza, palibe chimodzi mwa izi.

Podandaula, musam'dzudzule wophika pakati pa masewera, mpeni uli m'manja ndi maso a anthu asanu ndi atatu ali pa iye. Imirirani ngati mukupita kosamba m'manja, pezani manijala, nenani chimene chachitika ndi chimene mukufuna kuti achite. Musadulenso tipi ya wophika chifukwa cha kuchedwa kwa pakhomo, si iye amagawa matebulo.

Ine ndikuti pitaninso, ngati mayi avomera, ndipo ulendo uno tengani anthu ena awiri kuti mukwane asanu ndi atatu, tebulo likhale lanu lokha. Imbani foni masana, sungitsani Lachiwiri, nenani kuti muli ndi munthu wachikulire amene sangaime nthawi yaitali, ndipo funsani pomwepo ngati gratuity amathira okha. Mayi akhale mpando wa kumapeto, kumene kutentha ndi utsi sizifika kwambiri koma zonse zikuoneka. Ana akhale pakati, chifukwa iwo ndiwo akufuna kuwakha, ndipo mwina mayi adzaseka poona mdzukulu wawo akuthamangitsa kachidutswa ka mpunga ndi kamwa. Pemphani mafoloko kwa amene timitengo todyera tikuwavuta, palibe amene amaseka. Chakudya chimachuluka, ndiye pemphani timabokosi totengera chotsala, kuno n'chizolowezi.

Chenjezo limodzi. Mukawauza kuti pali wokondwerera tsiku lobadwa, m'malo ambiri antchito amabwera gulu, ena ndi kang'oma, akuimba mokweza, lesitilanti yonse n'kutembenuka kuyang'ana mwini tsikulo, kandulo itabayidwa pa ayisikilimu. Ana zimawasangalatsa. Mayi afunseni kaye kunyumba ngati akuzifuna musanatchule pa foni.